Jekete Lonyowa

Zaka zitatu ndakhala ndikulambalala msewu uwu.
Basi ikakhota pa Bilston Road, mu Wolverhampton,
ndinkaweramira foni ngati mwalowa uthenga,
kuopa kuona holo ya pasukulu ija
imene timabwereka Lamulungu masana
ana a eni dziko akamaliza masewera awo.

Ndinali msungichuma, ine Lekani Chimbalanga.
Anandisankha poimika manja, wotsutsa panalibe,
ati dzanja langa limalemba manambala oongoka.
Bambo Kachingwe atagwa pantchito osadzukanso
anthu anasonkha.
Wina anapereka za usiku wonse wosambitsa okalamba,
wina za lendi, ana asukulu za chakudya,
kuti thupi likagone ku Ntcheu pafupi ndi mayi ake.
Mapaundi zikwi zinayi ndi mazana awiri.
Ndinati ndibwerekeko makumi asanu okha,
hatchi yanga ikapambana ndibweza madzulo omwewo.
Hatchi sinapambane.
Lachiwiri sinapambanenso.
Makina a m'nyumba ya juga amameza mwaulemu, osageya.
Bambo Kachingwe anagona mufiriji ya kuchipatala
milungu isanu ndi iwiri,
kumudzi dzenje litakumbidwa kale, likudzaza mvula.

Kuno tambala salira.
Chinkandidzutsa ndi paipi yotenthetsa chipinda
ikamagogoda pakati pa usiku,
ine n'kumati: si Inu amenewo, Ambuye, ndi paipi chabe.
Ndinasintha nambala, n'kusamukira ku Walsall.
Ndinakuuzani kuti ndalapa,
chamumtima, pansi pa bulangete,
kumene kulapa sikulira ndalama.
Munakhala chete.
Kenako m'mawa wina kuntchito,
ndikupukuta mapazi a mkulu wosadziwa n'dzina langa lomwe,
munangoti: Pita ukawaone.
Ndinati nditumiza kudzera kubanki.
Munati: Pita ndi miyendo yako.
Tinakangana miyezi isanu ndi umodzi.
Simunakweze mawu, koma simunasinthenso.

Dzulo ndinatsika basi.
Kamvula ka kuno, kosagwa kwenikweni, kosaleka.
M'thumba envulopu ya mapaundi mazana atatu
ndi mawu amene ndinayamba kuloweza Lachinayi.
Pakhomo, wogawa mabuku a nyimbo,
anali Mayi Kachingwe.
Imvi zawonjezeka. Chitenje pamwamba pa buluku lachisanu.
Mawu oloweza aja anabalalika ngati mbewa pa lupsa.
Ndinangoti, Mayi, ndine.

Anandiyang'ana nthawi yokwanira
kuwerenga milungu ija umodziumodzi.
Sanamwetulire.
Analandira envulopu ndi manja awiri,
naitsegula pomwepo, poyera, akunyowetsa chala.
Zatsala zikwi zitatu ndi mazana asanu ndi anayi.
Ndikudziwa, Mayi.
Ukanene kutsogoloko, pamaso pa onse, osati kwa ine ndekha.
Ndikanena, Mayi.
Kenako dzanja lawo linakwera
ndipo ndinatsinzina, kudikira mbama imene ndinaigwirira ntchito.
Linagwira kolala.
Vula, lanyowa ili, udwala nalo.
Analiyanika pa paipi yotentha, pambali pa lawo.

M'katimo nyimbo inali pakati,
kiyibodi ikutsalira m'mbuyo monga kale.
Ena anacheuka. Ena anaumitsa khosi.
Bambo Thindwa anasuntha chikwama chawo pampando,
pang'ono pokha.
Nthawi ya zolengeza ndinaimirira,
mawondo akuombana, n'kutchula zonse,
hatchi ndi hatchi.
Panalibe woomba m'manja.
Kamwana kena kanagwetsa botolo, likugubuduzika mpaka kutsogolo.

Sindikudziwa, Ambuye, ngati chisomo chanu n'chimenechi:
ngongole ikadalipo,
manyazi akadali pankhope ngati mphini,
ndipo makiyi a chuma sadzandipatsanso, n'zoyenera.
Koma pocheuka ndinaona majekete awiri aja,
langa ndi la mayi amene ndinawaliritsa kawiri,
akufuka nthunzi pamodzi,
osadziwika kuti iyi ndi ya yani.

Malipiro amalowa pa 28.
Envulopu ina ndagula kale.