Khadi Yachikasu ku Barnsley

Loweruka lililonse, ndikasiya basi ku depoti,
ndimabwera pabwalo ili la udzu wapulasitiki
pomwe mvula ya ku Barnsley imagwa chopingasa
ngati ili ndi mangawa ndi makutu anga.

Kunja kwa mzere woyera
miyendo yachitsulo yatsamira benchi,
ina ili ndi masokosi, wina nsapato yosamasula zingwe,
kudikira eni ake ngati njinga pachigayo.
Eni akewo alibe nayo ntchito pakali pano.
Akuuluka pa ndodo ziwiriziwiri,
kha, kha, kha, kenaka phi! mpira uwo.

Wavala naini uyo ndi Limbanazo, mwana wanga.

Dzulo achimwene anaimba foni kuchokera ku Balaka.
Anafunsa za kuzizira, za mtengo wa paundi,
kenaka ndi mawu ofewa, achikondi ndithu:
"Nanga chilema chathu chija chikupeza bwanji?"
Ine osaganiza: "Chili bwino, chikukula."

Chili. Chikukula.
Lilime langa linalondola chi wawoyo
monga mbuzi ilondola chingwe,
mpaka mwana ndinamuika m'gulu la chitseko,
chikho, chigamba, chinthu.
Iye anali kukhitchini, akupaka batala pabuledi.
Chichewa chake n'chothyokathyoka
koma zimenezo anazimva.
Anangoti, "Ndili, dadi. Ndili bwino."
Nakwera masitepe osacheuka.

Lero mayi wina wa ambulera yofiira
wandigwira pamkono, misozi ili lengelenge,
akuti anawa ndi ngwazi, akuti amuliza.
Mpira usanayambe n'komwe.
Ngwazi chifukwa chovala jezi?
Chifundo nachonso chili ndi chi wake,
chimakweza munthu pamwamba pa kabati
pomwe timaika mbale zosadyera.

Kochi wawo, Bev, sachulutsa gaga m'diwa.
Papepala lake palibe wopunduka, palibe wovutika.
Pali otchinga kumbuyo, apakati, omwetsa zigoli,
ndi goloboyi Imran wa dzanja limodzi
lomwe labweza kale mipira isanu.
Ndinamufunsa tsiku lina: mawu oyenera ndi ati?
Anati funsa mwini wake,
ndipo uyambe ndi dzina.

Okhaokha amatchulana zoopsa, ndimamva,
maina oti ine nditawatchula pakamwa pangapse.
Amaseka mpaka kugwetsa ndodo.
Koma nthabwala ya m'nyumba ndi ya eni nyumba,
mlendo sayamba ndiye kuseka chipsera.

Chigawo chachiwiri chili mkati.
Limbanazo wachedwa, wagwetsa mnyamata wa ku Hull,
dala, ndaona ndi maso angawa.
Wezulo.
Woimbira akubwera, nkhope ili gwa,
sakuyang'ana pomwe kabudula wapindidwa ndi pini,
akuyang'ana m'maso.
"Dzina?"
Mwana akulitchula lonse, mosathamanga,
Li-mba-na-zo Ka-chi-ngwe,
woimbira akulemba, walakwitsa, wafufuta, walembanso,
nakweza khadi yachikasu m'mvula muja
monga akanachitira ndi wina aliyense wamwano.

Bwalo lonse ndaomba m'manja ndine ndekha.
Mayi wa ambulera wandiyang'ana ngati mutu wanga sukugwira.

Tagonja, ziwiri kwa chimodzi.
M'galimoto mukununkha thukuta ndi mkwiyo,
matope ali mpaka m'khosi,
mwendo wake wagona pampando wakumbuyo
pamodzi ndi botolo la madzi ndi makoko a nthochi.
Sakundilankhula. Akuti woimbira uja ndi wokondera.

Pa maloboti a pafupi ndi siteshoni foni yalira.
Balaka.
Ndaika pa sipika kuti tonse timve.
"Achimwene, Limbanazo ali pompano.
Wachita zopusa lero, am'patsa khadi.
M'funseni nokha, akuuzani."