Khomo la Mawu a Gelesomu

Asanagone anandifunsa ngati ndidakwerapo basi ya ku Matero.
Ndinati inde. Anaseka ndi mawu otsalawo,
ngati chitseko cha lata chokhula pasimenti:
"Ndiye munandimvapo, adokotala.
Zaka khumi ndi zinayi pa Lumumba,
Matero! Lilanda! Mmodzi yekha tinyamuke!"

Mankhwala anatsika mumtsempha,
zikope zinalemera, ndipo mpweya wake unakhala ngongole yanga.

Pakamwa pake sipalowa zala zitatu.
Khosi lauma ngati mlombwa,
chotupa chakhala phee kumanzere,
mlendo wokana kutsanzika.
Kale ndikanawerama ndekha, diso limodzi,
ngati wofuna kandalama kogwera m'ngalande,
onse ali kumsana kwanga: "Mukuona?"
ine n'kunama kuti pang'ono.

Lero kachitsulo kokhota kali ndi diso kunsonga.
Kakwawa pa lilime, kakhota pomwe khosi lakana kukhota,
ndipo m'mero mwa Gelesomu mwayala pa kanema,
mofiira, monyowa, mokula kuposa nkhope yake.
Sisitala Tikambenji waona zomwe ndaona,
wakankha kholingo ndi chala ndisanapemphe.
A Nyirongo, mpeni usanakhudze khungu,
akuyeza ndi maso pomwe nthenda yalekezera.
Wophunzira uja waiwala kuphethira.

Ndi apo.
Timinofu tiwiri totuwa, kena kadyeka m'mbali,
pakati pake kampata kakuda, kopapatiza.
Kanthu kochepa chonchi
ndiko kankadzaza basi dzuwa lisanatuluke,
kankaposa mahutala ndi alaliki a pasiteshoni,
kanalipira lendi ku George, yunifolomu ya Misozi.

Makina akulira motsitsa, nambala zikugwa,
ino si nthawi yogoma.
Chubu chapita, chagunda chotupa, ndabweza,
ndapotoza pang'ono,
chalowa.
Chifuwa chakwera. Mzere wa mpweya wavina pagalasi.
Wina wapuma mokweza, mwina ndine.

Pofika madzulo kholingolo lidzakhala m'botolo
lolembedwa dzina ndi tsiku,
iye adzapumira pa kabowo ka pakhosi
ndi kuitana ana ake pogogoda tebulo.
Tinali asanu amene tinaona khomo lija komaliza.
Palibe ananena kanthu. Ndinazimitsa kanema.

Usiku pokwera basi yobwerera kwathu
kamnyamata kanakuwa, "Mmodzi yekha!"
Ndinakayang'ana pakhosi nthawi yaitali
mpaka kanandifunsa ngati ndili ndi yosintha.