Mikanda ya M'kati

Ndimasoka pakhonde la sitolo ya Che Wisiki ku M'baluku,
makina anga okalamba amatsokomola akafika pampendero.
Akazi amabwera mimba zili patsogolo,
"Abiti Saidi, mundikulitsireko apa,"
ine n'kukulitsa.
Tepi imagona m'khosi mwanga ngati njoka yoweta.
Iwo akachoka imatsikira m'chiuno mwanga,
imandinong'oneza nambala
ndipo tsikulo ndimagona osalawa kanthu.

Mwezi umatuluka pamwamba pa mzikiti osaphonya.
Wanga umabwera ukafuna,
ngati minibasi ya ku Namwera nthawi yadzinja:
miyezi inayi zii,
kenaka tsiku lina ndi uwu, wopanda odi.

M'mawa, Jafali asanadzuke,
ndimazula ndi zikhadabo ndevu za pachibwano.
Zidayamba zitatu. Pano ndidasiya kuwerenga.
Mlamu wanga adaziona paukwati ku Mpondasi,
adaseka mpaka mpango kugwa:
"Nyumba imodzi amuna awiri,
mwana achokera kuti?"
Adatinso mafuta adatseka njira.

Mawuwo ndidawameza.
Ndiwo okha adakhazikika m'mimba.

Ndidasiya mandasi, kenaka shuga,
kenaka nkhomaliro yonse.
Ramadani idandibisa bwino,
aliyense anali ndi njala, yanga sinkaoneka.
Madzulo futali pambale,
chinangwa chofewa m'nsinjiro,
ndinkadya ngati wothamangitsidwa,
kenaka kuseri kwa bafa,
zala ziwiri kukhosi,
nkhuku zikudikirira patali.
Idi itafika anthu adamasula.
Ine ayi.

Mikanda ya m'chiuno, yomwe anankungwi adandimanga,
idayamba kuterereka.
Ndidafupikitsa ulusi kawiri.
Pamsika ankati, "Koma ndiye mwachepa bwino,"
osadziwa kuti mwezi wanga wasiyiratu,
kuti tsitsi likutsalira m'chipeso,
kuti singano ndikuiona ziwiri.

Ndidagwa pakabaza pakati pa mlatho wa Shire,
nsalu za eni ake zili mbwee mumsewu.

Kuchipatala cha boma, Sisitala Kaliwo
adandipaka mafuta ozizira pamimba,
n'kutembenuza galasi la sikani kuti ndione.
Mumdima wotuwa uja
munali mikanda ina,
yondanda mozungulira, yomwe palibe adandimanga.
"Ndi mazira awa," adatero,
"adayamba ulendo n'kuima panjira.
Si ufiti. Si chilango.
Ambiri otere amabereka, ena ndi mankhwala, ena mochedwa.
Koma thupi lanjala limatseka zitseko, mayi.
Silingaitane mlendo
m'nyumba yozima moto."

Adandifunsa za zala ziwiri zija.
Sindidamuuze. Adaziona yekha,
zipsera za mano pamwamba pa mfundo.
Ndidalira mosakongola, mamina ndi zonse,
iye osandithamangitsa
ngakhale mzere panja udafika kumtengo wa mango.

Jafali adamva zonse atakhala pabenchi, kapu ili m'manja.
Za mitala sadanene.
Sadalonjezenso kanthu.
Adangotuluka n'kubwera ndi nthochi zitatu,
kusenda imodzi, kundipatsa,
n'kuyang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi.

Papita milungu isanu ndi umodzi.
Masiku ena mbale imandiopsabe ngati ngongole.
Lachitatu lapitali ndidabwereranso kuseri kwa bafa,
ndidaima, ndidaima,
nkhuku zidatopa n'kumwazikana.
Kalendala kuseri kwa chitseko ikadali yoyera,
ndevu zikumera monga kale,
mlamu sadasiye pakamwa pake.

Koma lero masana ndadya usipa ndi mbatata
ndipo zakhala.
Wabwera mtsikana wa ku Chimwala, miyezi isanu ndi iwiri,
"Mundikulitsireko apa."
Ndamukulitsira.
Atachoka ndatenga diresi langa lobiriwira lija,
ndasomola msoko wa m'chiuno,
ndayeza malo owonjezera, tepi ili pamsomali:
zala ziwiri,
zomwe zija.