Dzina la Wina pa Geti

Zaka makumi awiri ndi zitatu
bambo ankawotcherera mageti kuseri kwa galaja ku Turffontein,
kutsekera eni Joni m'nyumba zawo
kuti apeze tulo.
Lawo la ku Bilila mpaka lero ndi la nsungwi.

Atatisiya, chithunzi chawo chinayenda m'mafoni.
Marandi anasonkhedwa ku Mayfair, ku Yeoville,
bokosi linakwera ngolo ya minibasi
pakati pa filiji ya wina ndi matumba a anyezi,
ulendo wa ku Mwanza.
Ine ndinatsala ndi jumbo ya mapepala
ndi makiyi asanu ndi awiri
amene sindinkadziwa maloko ake.

Wilo ndinaipeza kuchikuto cha buku la malisiti,
yolembedwa ndi pensulo yomwe ankachongera zitsulo:
Makina aakulu kwa Mwandida.
Chopalira kwa Felisiano, wandipirira.
Ngongole ya mapaipi ibwezedwe kaye.
Osagulitsa.
Mawu otsirizawo anawadinda
mpaka pepala kubowoka.

Ku Marshalltown, ku ofesi ya chuma cha masiye,
ndinafika kusanache, ndinali wa nambala sikisite-foro.
Kalaliki anagwira chikutocho ndi zala ziwiri
ngati kuti ndamupatsa mbewa yoola.
Tsiku lili kuti? Mboni ziwiri zili kuti?
Anagogoda kompyuta, nanditembenuzira:
kampani ya a Ligomeka
si ya a Ligomeka.
Dzina lake ndi Nomvula Mthethwa,
mayi wa nyumba yakutsogolo,
amene anawabwereka chiphaso chaka chija pemiti inatha.

Lachinayi msuweni wanga Lufeyo anatsika basi ku Park,
jekete la bambo lili kale paphewa.
Akuti kwathu chuma chimatsata mkaka,
wolowa ndi mwana wa mlongo.
Anazungulira mu shapu manja kumbuyo,
akuwerenga ndi maso,
nafunsa Felisiano mtengo wa jenereta.
Felisiano wa ku Tete uja,
wa zipsera za moto mpaka m'zigongono,
anangoti, sindimva Chichewa,
m'Chichewa.

Usiku umenewo ndinawerengera.
Lamulo likuti ndi za mayi aja.
Mwambo ukuti ndi za Lufeyo.
Pensulo ikuti ndi zanga.
Mwa atatuwa pensulo ndiyo imafufutika.

Mlendo ndi mame, bambo ankatero,
ndipo ndinkayesa akunena za kubwerera kumudzi.

M'mawa MaMthethwa anandiitanitsa.
Ndinalowa nditakonzeka kulira kapena kutukwana.
Anali atavala chipewa cha kutchalitchi Lachisanu,
patebulo pali kope la sukulu:
lendi ya miyezi yonse, mzere ndi mzere,
ndi miyezi inayi yomaliza yopanda kanthu,
ija bambo ankatsokomola dzimbiri.
Iyi ndikuifuna, anatero, sindine Mariya woyera.
Koma dzina langa latopa kunyamula zitsulo za bambo ako.
Tiye kwa loya ndisanafe,
ana anga sadzakumvera chisoni.

Tinakwera takisi ya m'tauni osayankhulana.
Pa Eloff anandigwira mkono powoloka msewu.

Mlandu sunathe. Fayilo ili pa shelefu ina yake,
ati tidikire miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka.
Lufeyo anabwerera ndi jekete, wailesi
ndi mawu amene azakhali sadzandikhululukira.

Lero Felisiano wandiveka chigoba cha bambo.
Chikundikhwepa, chikununkha thukuta lawo ndi fodya.
Mkati mwake ndi mdima bii,
suona kanthu, akuti, mpaka utayatsa wekha.
Dzanja likunjenjemera. Msoko wanga woyamba
watuluka ngati ndowe za nkhuku.

Madzulo ndagula pepala loyera ndi bolopeni yakuda.
Ndalemba tsiku pamwamba.
Ndalemba dzina la mwana wanga, lonse, ndi la Felisiano.
Tsopano ndikuyang'ana mumsewu
anthu awiri amene sakufuna kalikonse kwa ine.