Kamuvi Kothawathawa

Ku Oulu dzuwa lalowa folo koloko isanakwane,
chipale chofewa chaunjikana pazenera ngati ufa wotayika.
Bambo anga, a Aulis, ali patebulo la kukhitchini,
akulembera kalata mng'ono wawo wa ku Kemi
amene sanalankhulane naye zaka khumi ndi zinayi.

Manja amenewa anagwira chiwongolero cha basi zaka makumi atatu
osaphonya siteji ngakhale imodzi.
Lero akunjenjemera.
Chikhatho chikangokhudza kabwalo kosalala kamunsi mwa mabatani,
kamuvi kamalumpha n'kukatera pakati pa mawu ena.
"Pepa" wagwera m'mimba mwa "ngongole",
chiganizo chonse chasanduka phala.

"Sirkku, chinthuchi n'chamwano," akutero,
"chikundidula pakamwa monga ankachitira malemu mayi ako."

Ndakoka mpando.
M'masetingi muli mndandanda wa zipangizo,
kiyibodi, kamera, kenako tachipadi
ndi dzina lake lalitali lothera m'manambala.
Ndadina kabatani kozimitsira.
Titayatsanso laputopu, kadzuka kokha, kamakani.

Ndiye ndatsikira pansi penipeni,
mufayilo imene makina amawerenga akamadzuka,
pamene chilembo chimodzi cholakwika
chikhoza kusiya sikirini yonse ili bii.
Ndalemba mzere umodzi, tanthauzo lake:
ichi usachimvere.
Ndawerenga kawiri. Ndasunga. Ndazimitsa.
Ketulo yayamba kulira, palibe waichotsa pamoto.

Sikirini yawala.
Bambo aikapo chala, asisita uku ndi uko.
Zii.
Aikapo chikhatho chonse, dzanja likugwedezeka mmene likufunira,
kamuvi kali chilili pamene anakasiya.

Sanathokoze. Sachita zimenezo.
Angofunsa, "Nanga ndikafuna kubwerera m'mbuyo?"
Ndawalozera mabatani anayi a mivi,
ndawatulutsira mausi yachingwe ya m'dirowa.
Akankhira mausiyo pambali pa shuga.
"Ndipita ndi mabataniwa," akutero, "chilembo chimodzichimodzi."

Ndikutsuka makapu, msana ndawapatsa.
Kumbuyo kwanga ndikumva thi,
kenako chete wautali,
kenako thi, thi.
Panja basi nambala eyiti yadutsa yopanda anthu,
iwo sanatukule mutu.

Popita kukagona ndasuzumira, ngakhale n'kulakwa.
Mizere itatu yokha, zilembo zina zabwerezedwa kawiri.
Koma "pepa" ali pamwamba penipeni,
pambuyo pa dzina la Veikko,
pomwe mwini wake anamuika.