Munda Wanga Uli m'Zitini

Che Mdoka, eni nyumba, anandiuza tsiku lolowa:
pabwalo pano ndinathira simenti,
khasu lisagunde pansi, msomali usalowe m'khoma.
Ndinavomera, wa lendi alibe pakamwa.
Koma za zitini sanatchule.

Ndiye munda wanga uli m'nyumba,
chitseko chachitatu kuchokera pa mpopi,
kuseri kwa msika wa Mpondasi.
Dothi ndinakatapa kutsidya kwa mlatho
ndi kulikweza pa kabaza ngati mlendo wolemekezeka,
mnyamata akuseka njira yonse:
anzanu amanyamula mpunga, mayi, inu dothi?

Pazenera pali mpungabwi m'chitini cha penti.
Magetsi akathima, udzudzu ukayamba msonkhano wake,
ndimathyola nthambi ziwiri, kuzifikisa m'manja,
kukwapula nazo kunsi kwa bedi ndi m'makona.
Sindinama, m'neti timagonabe,
koma kwaya ya m'khutu imachepa.

Ndine telala, koma katani sindinasoke.
Mbatata imodzi inaphukira m'dengu,
ndinaiika m'chigubu chodula cha mafuta ophikira,
ndipo inakwera ulusi wotsala pa diresi la ukwati wa eni
mpaka kutseka zenera lonse.
Odutsa saona kuti mpando ndili nawo umodzi.
Mwezi ukafika pakhosi, ndiwo zikasowa,
katani yemweyo ndimabudula,
kholowa wa tomato mmodzi.
Ndani wina ku Mangochi kuno amadya katani wake?

Kambuzi ali m'ketulo yobooka,
wamfupi, waukali ngati Abiti Ndembo a chipinda choyamba,
amene amati zomera m'nyumba zimaitana njoka
koma Lachisanu lililonse amatuma mwana:
akuti mugaweko tiwiri tofiira.
Mizu ya anyezi, ija ena amataya kudzala,
kwa ine imadzukanso m'kapu yopanda chogwirira.
Zonsezi zimamwa madzi otsukira mpunga
ndi kudya makoko a mazira osinja.
Sizinandipemphepo feteleza.

Alovera ndi wa Twaibu.
Anamusiya pakhomo m'mawa wokwera basi ya ku Joni.
Uyu safuna madzi ambiri, anatero, amapirira.
Ndinamva kuti sakunena chomera chokha.
Zaka zinayi tsopano.
Wabereka ana m'mbali mwake osawerengeka,
ndimawapatula, kuwaveka zitini nsanza za chitenje
zogwa pansi pa makina,
ndipo manesi a pachipatala amagula oika m'maofesi.
Ndalamayo ndi ya makope a Lukia.
Pansi pa mphika wake m'pamene pamagona kiyi,
Lukia akaweruka ku madrasa amadziwa pofufuza,
wakuba amaopa minga.

Sabata yatha usiku kunamveka kugogoda.
Che Mdoka. Mtima unagwa, pakuti lendi inali isanakwane.
Koma ananyamula mdzukulu wolira,
katumba kakhudza paipi ya njinga yamoto,
kabala kakang'ono ngati ndalama yachitsulo.
Tinathira madzi ozizira nthawi yaitali,
kenako ndinadula tsamba lonenepa, kuling'amba pakati,
ndi kupaka utomoni wake pang'onopang'ono.
Mwana anagona asanafike kwawo.
M'mawa mwake nkhalamba ija inaima pakhomo panga
ndi beseni lobooka kunkhwapa,
maso kumbali, ngati ikufunsa za nyengo:
kodi dothi lija munakatapa pati?

Lero ndi Okutobala, malata akulira ndi dzuwa,
mpopi wauma masiku atatu.
Ndowa yatsala theka.
Ndagawa ngati mchere wobwereka:
wa Lukia wosamba kumaso, wa tiyi,
kapu kwa mpungabwi, kapu kwa katani,
theka kwa kambuzi.
Foni yalira, mawu a Twaibu kuchokera kutali,
akuti Disembala uno mwina, mabwana akalola.
Ndafika pa alovera ndi kapu yotsiriza,
ndikudziwa bwino kuti angathe kudikira sabata ina.
Ndamuthirira yonse.