Masamu a Kuseri kwa Risiti

Zatsala zaka ziwiri
kuti andipatse wotchi yapakhoma, andiombere m'manja,
ine Esinati Likoswe,
amene ndasoka makolala ku Makata zaka makumi atatu.
Usiku uno magetsi athimanso kuno ku Chilobwe.
Ndayatsa tochi ya foni,
ndikuwerengera kuseri kwa risiti ya ku famase.

Mankhwala a kuthamanga kwa magazi
chaka chatha ndinkagula n'kutsalako ya tomato.
Lero mtsikana wapakauntala
amayamba wapepesa asanatchule mtengo,
ati ndi dola, mayi, dola.
Dolayo sindinamuonepo nkhope
koma amapisa dzanja m'mbale mwanga.

Ku Kwinzi ndinafika kusanache, mabenchi atadzaza kale.
Dokotala, mwana wadzanadzanali,
anandimvetsera mwaulemu, nalemba m'kabuku.
Wapawindo sanadzutse n'komwe mutu:
atha, mukagule.
Ndinabwerako ndi msana wowawa
ndi dzina la mankhwala lolembedwa bwino.

A Makwinja odula nsalu
anapuma chaka cha namondwe chija.
Za penshoni zitalowa anagula minibasi,
Limbe–Bangwe, dzina la mdzukulu pagalasi lakumbuyo.
Palibe anawauza kuti khadi ya chipatala
imafa tsiku lobweza ovolosi.
Shuga anangodikira miyezi isanu.
Inapita minibasi, inapita firiji,
kenako chala chachikulu chakuphazi.
Lamulungu lapitali ndinawapeza pakhonde
akudula piritsi pakati ndi lezala,
theka la lero, theka la mawa,
akuseka:
nawo matendawa aphunzire kudya pang'ono, achemwali.

Ndinaseka nawo.
Misozi inandipeza pasiteji.

Ndiye ndayamba.
Njerwa zikwi zitatu zili kuseri, zafundidwa pulasitiki,
zipinda ziwiri za lendi:
china chidzandidyetsa, china chidzandigulira mankhwala,
ngati alendiwo adzalipire.
Ku banki mkhonde ndili ndi kabuku kachiwiri
kamene ngakhale mlamu wanga sakadziwa.
Mchere ndaubisa pamwamba pa kabati.
Tiyi ndikumwa wosatsekemera, nkhope ili thinathina.
M'mawa ndimatsika minibasi pa Ginnery
n'kumalizitsa wapansi,
anyamata oitanira n'kumati mayiwa zawavuta.
Zawavuta, inde, koma mawondo akuyamika.

Mwana wanga ali ku Joni,
amatumiza mawu ambiri pafoni, ndalama mwa apo ndi apo.
Wamkaziyo fizi yamukwana m'khosi.
Sindidzawasenzetsa ine.
Kutchalitchi tinkaimirira kupempha masiku ochuluka,
sitinafunse mtengo wake.
Walira mvula walira matope.

Ndiwerengerenso.
Penshoni, kuphatikiza lendi,
kuchotsa ufa, makala, madzi a Waterboard,
kuchotsa mapiritsi makumi atatu mwezi ndi mwezi,
magalasi a maso, dzino lija likugwedera,
ndi china chija chosaimba ng'oma pobwera.
Chaka chilichonse ndikuwonjezerapo kukwera kwa mitengo,
mongoyerekeza,
poti ameneyo sauza munthu.

Risiti yatha
ndili pa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zitatu.
Amayi anga anafika makumi asanu ndi anayi
akulima okha chinangwa ku Thyolo.

Ndafunafuna pepala lina m'chikwama, mulibe.
Phiri la Soche langoti bii pawindo,
ndi chipsera chake chija.
Foni yatsala pang'ono kuthima.
Ndatunga madzi m'kapu,
ndatulutsa piritsi la usiku uno,
ndaliyang'ana pamzere wake wapakati,

ndameza lathunthu.